Petulo wa mu FCC amatengera mafuta amene mwathiramo

Wowerenga wina amene akuphunzira za kayengedwe ka mafuta wanditumizira imelo kufunsa kuti: "Makina a FCC ndi omwewo, catalyst yomweyo, kutentha komweko. Nanga bwanji octane ndi sulufule wa mu petulo zimasintha tikangosintha mafuta olowa?"

Zikomo pofunsa. FCC (fluid catalytic cracking) ndi makina a pa fakitale yoyenga mafuta amene amadula mafuta olemera kuti asanduke petulo. Catalyst ndi ufa umene umafulumizitsa kudulako, ndipo octane ndi muyeso wa mmene petulo amapiririra kupanikizidwa mu injini osayaka nthawi isanakwane. Nkhani yagona pa haidirojeni. Makinawa sawonjezera haidirojeni ngakhale pang'ono. Ntchito yawo ndi kudula mamolekyu aakulu a vacuum gas oil (mafuta olemera amene amalowa mu FCC) pa catalyst ya zeolite (chinthu cha timabowo ting'onoting'ono), mu riser (chipaipi choimirira) yotentha kupitirira madigiri 500, kwa masekondi ochepa chabe, kenako n'kugawa haidirojeni amene anabwera ndi mafutawo. Ena amapita ku petulo ndi gasi, zotsala zopanda haidirojeni wokwanira zimasanduka coke, kaboni wonga makala amene amamatira pa catalyst.

Mafuta okhala ndi paraffin wambiri (mamolekyu onga unyolo, osati parafini wa mu nyale), amene K factor yake (nambala yosonyeza kuchuluka kwa paraffin m'mafuta) imafika cha pa 12 kapena kupitirira, ali ndi haidirojeni wochuluka. Amaduka mosavuta, petulo amatuluka wambiri, koma octane yake imatsikirako. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, poganiza kuti mafuta abwino ayenera kupambana pa chilichonse. Ayi. Mafuta a naphthene (mamolekyu onga mphete, okhuta haidirojeni) nawonso amaduka bwino, koma mphete zake zimapereka haidirojeni kwa ma olefin (mamolekyu onga unyolo, operewera haidirojeni) n'kusanduka ma aromatic (mphete za haidirojeni wochepa), ndipo ma aromatic amenewa ndi amene amakweza octane. Ma aromatic a mphete zingapo ndiwo amakani: catalyst imangosadza nthambi za m'mbali, mphetezo n'kutsala. Zimakathera mu light cycle oil ndi mu slurry (mafuta olemera kuposa petulo amene amatuluka mu FCC), kapena pa catalyst ngati coke. Petulo wochepa amene watulukayo octane yake imakhala yokwera ndithu, koma mwalipira ndi kuchuluka kwake.

Zonyansa za m'mafuta nazo zili ndi mbali yawo. Naitirojeni wa mtundu wa basic amakakamira pa malo a asidi a catalyst, kudula n'kuchepa. Nickel amachotsa haidirojeni m'mamolekyu, gasi wouma ndi coke n'kuchuluka, n'chifukwa chake ena amathirako antimony kuti amufoole. Vanadium ndiye woipitsitsa kwa ine, chifukwa amagumula zeolite yeniyeniyo pa kutentha kwa mu regenerator (mmene amawotcheramo coke kuti achoke pa catalyst), pafupifupi madigiri 700, ndipo yagumuka yagumuka.

Za sulufule: gawo laling'ono chabe la sulufule wa m'mafuta olowa ndi limene limafika mu petulo, komabe petulo wa mu FCC ndi amene amabweretsa sulufule wambiri mu petulo yense wosakanizidwa pa fakitale. Ku European Union malire a sulufule mu petulo ndi 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni) kuyambira 2009, choncho sangasiyidwe. Mukamuchotsa ndi haidirojeni petulo atatuluka kale, ma olefin ena amakhuta haidirojeniyo ndipo octane imagwa. Mukatsuka mafuta asanalowe mu FCC, mumachotsa sulufule, naitirojeni ndi zitsulo nthawi imodzi, komanso ma aromatic ena amasanduka ma naphthene oti n'kuduka. Njira yachiwiriyi ndi yokwera mtengo kumanga, koma ine ndimaikonda chifukwa imakonza vutolo pa gwero.

Mwina mufunsa za ZSM-5, mtundu wina wa zeolite umene amawonjezera ku catalyst. Inde, imakweza octane ndi kuchulukitsa gasi wa propylene, koma imatero podula ma olefin a mu petulo yemweyo, ndiye petulo amachepa.