Kodi ndimusiye dala kuti andithamangire ngati m'mabuku?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27 ndipo ndakhala pa chibwenzi ndi mnyamata wina kwa zaka zitatu. Ndimakonda mabuku a nkhani zachikondi zoseketsa, momwe mwamuna wozengereza amadzidzimuka mkazi akamusiya, n'kumulondola ndi mphete. Wangayu ndikayambitsa za ukwati amangoti "tidikire kaye," koma akufuna ndisamukire kwake. Ndimusiye dala kuti adzidzimuke?

Wothedwa nzeru, Zomba

Mwana wanga,

Mabukuwo usasiye kuwerenga, amasangalatsa ndithu. Koma dziwa mmene amalukidwira. Wolemba amayamba akudziwa kale kuti awiriwo adzakwatirana, ndiye ntchito yake yonse ndi kuwachedwetsa: akumane mwangozi, ayambe adana, akondane, chakumapeto asemphane, kenako mwamuna abwere akupepesa. Akanavomera pa tsamba 20, buku likanathera pomwepo. Wakoyo palibe amene anamulembera mathero. Ukamusiya mongomuyesa, mwina apita osacheuka, kapena abwera ndi lonjezo la mantha, limene sililimba iwe ukangobwerera.

Chita izi. Mukhale pansi masana, maso ndi maso, osati pa WhatsApp, ndipo umufunse funso limodzi: tikudikira chiyani? Yankho la munthu wotsimikiza limakhala ndi chogwirika. Akati ndalama, funsa kuti zingati, za chiyani, ndipo zikwana mwezi uti. Akati ntchito kapena sukulu, zimenezo zili ndi tsiku lothera. Koma akangoti "nthawi ikwana," dziwa kuti sanaganize zokukwatira.

Kenako mugwirizane kuti pasanathe miyezi itatu auze amalume ake, iwo akaonane ndi amalume ako. Apa mpamene ndimaonera mwamuna, chifukwa sitepe imeneyi imangofuna ndalama ya minibasi ndi kulimba mtima. Anyamata ambiri amabisala kuseri kwa mtengo wa holo, zovala zofanana ndi wojambula zithunzi, ngati kuti chinkhoswe ndi zimenezo. Chinkhoswe ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri kulandirana tambala ndi thadzi, n'kudziwana kuti mawa mukayambana mlandu upita kwa yani. Chikhoza kuchitikira pakhonde. Ngati kwanu kapena kwawo n'kolowola, monga kumpoto kapena ku Nsanje, akuluakulu akambirane msanga za malowolo ndi kalipiridwe kake.

Zosamukira kwakezo ndikukaniza. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wongolowana, inde, koma ndi khoti limene limagamula, ndipo limafuna kuti mukhale mutakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Mukasiyana m'chaka chachiwiri, ulibe nkhoswe wokuyankhulira, ndipo sofa kapena filiji imene unaikapo ndalama zako idzavuta kuitenga ngati lisiti lili m'dzina lake. Komanso mwamuna amene wapeza kale womuphikira ndi kumuchapira sakhalanso ndi chomufulumizitsa.

Pali nkhani zina zimene mabuku aja amazidumpha chifukwa sizoseketsa, koma ndi zimene zimagwetsa mabanja. Pitani limodzi kukayezetsa magazi, mumve zotsatira muli awiri. Mufunse ngati ali ndi mwana kwina ndipo amamuthandiza bwanji, ngati ali ndi ngongole ya katapila kapena ya kubanki, ndi abale angati amene amadalira malipiro ake. Iwenso unene zako osabisa. Kambiranani ngati udzapite ku chitengwa kapena iye adzakhale mkamwini, ndiponso mpingo umene mudzadalitsire ukwati ngati mumapemphera kosiyana. Uziona nkhope yake pamene ukufunsa. Wokwiya ndi mafunso otere lero adzakwiya nawonso m'nyumba.

Miyezi itatu ikatha amalume ake asanaponde kwanu, ndipo palibe chifukwa chomveka monga maliro kapena matenda, musiye zenizeni. Umuuze chifukwa chake kamodzi, uuzenso amayi kapena azakhali ako akumtima kuti akulimbikitse, ndipo usakhale ukuyang'ana foni kudikira kuti akulondola.

Azakhali