Mwana wayamba kukana phala, apongozi akuti asiye bere

Mdzukulu wina wa ku Ndirande wandidandaulira za mwana wake wamwamuna wa chaka ndi miyezi 8. Akuti kale ankadya chilichonse, koma pano phala akulavula, akamukaniza kanthu amadzigwetsa pansi n'kumagubuduka, ndipo mlendo akamupatsa chinthu amangotsomphola ndi dzanja limodzi. Apongozi ake, amene abwera kuchokera kumudzi kudzacheza, akuti chikumuwononga ndi bere: apake tsabola, mwanayo apite nawo kumudzi akakhale mwezi kuti akaiwale, komanso kakwapu kazikhala pafupi. Akutinso mwanayo aphunzire kulandira zinthu ndi manja awiri. Amuna ake sakulankhulapo, mwana akalira amangomupatsira foni. Funso lake ndi lakuti amvere ndani.

Mdzukulu wanga, khazika mtima pansi. Mwanayo sanalodzedwe, ndipo iwe sunalakwitse kulera. Tsegula buku lake la kusikelo uone. Chaka choyamba mwana amalemera katatu kuposa mmene anabadwira, koma chaka chachiwiri chonse amangoonjezera makilogalamu awiri kapena atatu. Thupi likachepetsa liwiro, nayo njala imachepa. Kuonjezera apo miyendo yalimba, ndiye nkhuku, tsache, nsapato za bambo ake, zonse zikumukoka kuposa mbale. Bola mzere wa m'bukumo ukukwera mwezi ndi mwezi, palibe choti usagonere tulo.

Za bere ndikuuza mosapsatira: usamusiyitse pano, ndipo tsabola asayandikire. A zaumoyo amati mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6, kenako azidya zina uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Izi si zachilendo kwa ife. Kale tinkayamwitsa mpaka mwana kumatumidwa kukatenga chipande. Tsiku limene adzatsegule m'mimba kapena kugwidwa malungo, phala adzalikana, nsima adzaikana, chimene adzalandire ndi bere lokha, ndipo ndilo lidzamusunge mpaka mukafike kuchipatala. Kumutumiza kumudzi ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Mwana amene walandidwa bere ndi mayi ake tsiku limodzi amanyanyala chakudya, amalira mpaka mawu kusasa, ndipo kumudziko amakadyera mbale imodzi ndi ana akuluakulu amene amatha nsima iye asanateme mbamu yachiwiri. Ambiri mwa ana amene tinkawaona atatupa miyendo ndi masaya, tsitsi litafiira n'kupyapyala, ife n'kumati ndi tsempho, makolo ake adumpha mwambo wa kumphasa, anali ana osiyitsidwa mwanjira imeneyi. Tinkathamangira kwa asing'anga, maanja n'kumalozana zala, pamene mwana akusowa chakudya chomanga thupi. Lero mwana wotere kuchipatala amamuyeza mkono ndi kalamba kaja, n'kumupatsa chiponde kapena kumugoneka, ndipo amachira. Ukadzaona mapazi a mwana aliyense atatupa, dinikiza ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri, uwerenge mpaka katatu. Pakatsala kadzenje, wa kuchipatala ameneyo, tsiku lomwelo.

Mwina apongozi akukuyang'ana n'kumaganiza kuti waima, pajatu ife azimayi akuluakulu timaona msanga. Ngakhale zitakhala choncho, mkaka wa mayi woyembekezera suwola ndipo supha mwana. Chofunika n'chakuti iweyo uzidya mokwanira ndipo uyambe sikelo msanga. Nthawi yosiyitsa ikadzakwana, uzidzachotsa pang'onopang'ono: kuyamwa kwa masana kuyambe kutha, kwa usiku kutsirizire. Pakali pano uzimupatsa chakudya kaye, bere pambuyo.

Tsopano tikambe za mbaleyo, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Phala lako ndi lotani? Ngati ndi la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira shuga yekha, mwanayo akakana sindimuimba mlandu. Kamimba kake n'kakang'ono, chikho chimodzi chatiyi kadzadza, ndiye ukadzaza ndi madzi wamunamiza. Phika la mgaiwa, lolimba moti ukapendeketsa supuni lisayenderere. Thiramo nsinjiro, kapena ufa wa soya, kapena usipa wosinja, tsiku lina dzira, tsiku lina kasupuni ka mafuta ophikira ndi nkhwani zonyenyanyenya. Pa msinkhu umenewu adye katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo pakatipakati umugwiritse nthochi, peyala, papaya kapena mbatata yofiira mkati ija. Ku sikelo amaphunzitsa magulu 6 a zakudya; sikuti onse akwane m'mbale imodzi, koma dzuwa lisalowe atangodya chimanga chokhachokha. Ndipo pali chizolowezi chathu china chimene ndimadana nacho: bambo mnofu, mwana msuzi. Msuzi sukulitsa munthu. Duladula nyamayo tizidutswa, chotsa minga ya nsomba, umuikire. Za mazira tinkauzidwa kuti ana asadye, koma ine ndimaona kuti akuluakulu ankangofuna kuti nkhuku ziswane. Kafukufuku wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbirako kumayamba mwana asanakwane zaka ziwiri, ngakhale m'nyumba zimene nsima siisowa.

Akhale ndi kambale kakekake kuti uziona chimene wadya, koma akhale pamkeka pomwe mukudyera nonse. Musambitse m'manja ndi sopo, mulole ateme yekha. Adzipaka mpaka m'makutu, zina zigwera pansi, nkhuku zidya. Musiye. Akatembenuza mutu dikira pang'ono, yesanso, akakanabe chotsa mbale osakalipa. Jigisi ndi tizakumwa totsekemera ta pa okala musamupatse chakudya chisanafike, mwina njala yake ikuthera kumeneko. Chimene ndikukuletsa ndi mtima wanga wonse ndi kamwetsedwe kaja kopanikiza mwana pakati pa miyendo, phala m'dzanja, mphuno atamutsina kuti atsegule pakamwa. Mwana akulira akameza, phala limatha kulowera njira ya mpweya mpaka m'mapapo. Akapulumuka pamenepo, akangoona supuni amayamba kuthawa.

Kugubudukako n'kwa msinkhu. Zimene akufuna n'zambiri, mawu oti anenere ali nawo ochepa, ndiye mkwiyo umatulukira m'miyendo. Akayamba, ona kuti pafupi palibe chomuvulaza, iwe pitiriza kusankha nyemba zako. Akatopa abwera yekha, umunyamule, osamuseka komanso osamupatsa chimene amalirira chija ngati unakana kale. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Akafuna kuvala nsapato mosemphanitsa, avale. Akafuna kunyamula kachigubu kopanda kanthu popita kumpopi, anyamule. "Ayi" wako umusungire zinthu zoopsa, kuti akamveka azidziwika kuti ndi "ayi" weniweni: mbaula, mpeni, msewu, ndowa yamadzi. Kamwana kotere kamamira m'ndowa ya madzi ochepa, choncho vundikira kapena taya ukatha kuchapa. Parafini ndi mankhwala a chimanga musasunge m'mabotolo a zakumwa. Mbaula ikhale pamene iye safika, makamaka mwezi wa June ndi July pamene timaothera moto m'nyumba. Atapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20 n'kuthamangira kuchipatala. Mazira ndi mankhwala otsukira mano asapakidwe pabala.

Chikwapu pa mwana wosakwana zaka ziwiri ndi chopanda phindu. Iye sadziwa kulumikiza ululu ndi mbale imene anagwetsa. Chimene amaona n'chakuti wamkulu akakwiya amamenya, ndipo mawa ukamupeza akumenya mwana wa aneba ndi chipande.

Koma pa nkhani ya manja awiri apongozi akunena zoona, ndipo uwathokoze. M'mera m'poyamba. Kungoti ulemu pa msinkhu umenewu sulowera m'makutu, umalowera m'maso. Ukamamupatsa nthochi, gwada ufanane naye, mugwire timanja tonse tiwiri n'kutiika pamodzi, kenako ikamo nthochiyo uku ukunena kuti "zikomo". Iye akakubweretsera kamwala kapena chitsekero cha botolo, landira ndi manja awiri ngati wakupatsa ndalama ya lendi, n'kuthokoza. Bambo ake akamalandira madzi osamba m'manja kwa iwe, mwanayo akuona. Ngati m'nyumbamo mumaponyerana zinthu, musadabwe naye. Mlendo akabwera musamukakamize kupereka moni mpaka kulira. Mupatseni moni inu, iye ali pamwendo, tsiku lina mudzangomva akuti "bwanji" yekha.

Bambo a mwana nawo ndili nawo mawu, uwawerengere. Achimwene, foni si mlezi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa chaka chimodzi asamaonere za pa foni kapena pa TV, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana amaphunzira kulankhula poyankhidwa ndi munthu. Mukaweruka, munyamuleni mupite naye pa msika pogula tomato, muzimuuza mayina a zimene akuloza. Kumusambitsa ndi kumudyetsa sikuchotsa ubambo wa munthu. Chachikulu, amene akunena za tsabolawo ndi mayi anu. Mkazi wanu akawatsutsa adzatchedwa wamwano mpaka kumudzi. Mukalankhula inu, ndi mwana akucheza ndi make. Musabisale kuseri kwa chete.

Iwenso mdzukulu, usawayankhe apongozi pamaso pa anthu, ndipo mawu akuti "zimenezo n'zachikale" asatuluke pakamwa pako. Anabereka ndi kulera mwamuna amene ukumukondayo, pa nthawi imene chikuku chinkatenga ana m'mudzi chaka ndi chaka, ndiye mantha awo ali ndi pochokera. Apatse ntchito imene akuidziwa kuposa iwe: kukazinga ndi kusinja nsinjiro, kumubereka kumbuyo kuti agone masana, kumuimbira nyimbo za kwawo. Tsiku la sikelo uwapemphe akuperekeze, ndipo funso la bere ulifunse kwa alangizi a zaumoyo iwo ali pomwepo, ngati kuti iweyo ndi amene sukudziwa. Akamva kuchokera kwa mlangizi sachita manyazi kusintha maganizo, mwinanso pobwerera ndi iwo amene azikakuuza kuti mwana asasiye kuyamwa. Za kumudzi uwauze kuti mwanayo abwera ndithu nthawi ya zokolola kudzadya maungu ndi mtedza wauwisi, koma abwera ndi mayi ake n'kubwerera nawo limodzi.