Musanagule UPS ina, yezani kaye zimene maseva anu akukoka

Achimwene, mwati muli ndi maseva asanu ndi awiri m'maofesi atatu, bilu ya magetsi ikungokwera, UPS (kabokosi ka mabatire kogwirizira makina) nayo siikuchedwa kuzima magetsi akathima, ndiye mukufunsa ngati mugule yaikulu. Ine ndingoti dikirani kaye, chifukwa panopa simukudziwa amene akudya magetsiwo.

Nambala yolembedwa pa power supply, kabokosi kolowetsa magetsi kumbuyo kwa seva kuja, musaikhulupirire. Ikati 750W, amenewo ndi malire a zimene kabokosiko kangapereke, osati zimene seva ikukoka. Maseva ambiri amakhala ndi timabokosi tiwiri totere kuti kena kakafa kanzake kapitirize, ndiye munthu amaphatikiza n'kupeza 1500W, masamu onse n'kusokonekera pomwepo.

Nambala yoona ili m'seva momwemo. A Dell ali ndi iDRAC, a HPE ali ndi iLO, kakompyuta kakang'ono ka pa bolodi komwe kamagwirabe ntchito seva itazimitsidwa, bola chingwe chili pa soketi. Kamaonetsa ma watt, kutentha ndi liwiro la mafani. Pa Linux mutha kungolemba ipmitool dcmi power reading. Makina akale opanda zimenezi muwayeze kudzera pa PDU (masoketi ogawira magetsi ku maseva) yokhala ndi mita, kapena pa UPS ya network card, zomwe zimatumiza manambala pa SNMP, njira yomwe zipangizo zimaperekera manambala awo pa netiweki.

Komatu kusuzumira kamodzi n'kungodzinamiza. Ikani Zabbix, kapena Prometheus ndi Grafana, onsewa ndi mapulogalamu aulere olondolera makina, zizitola manambala mphindi iliyonse. Kwa inu a maofesi otalikirana ine ndingasankhe Zabbix, chifukwa proxy yake, kapulogalamu koika mu ofesi iliyonse, imasunga manambala intaneti ikaduka n'kudzawatumiza ikabwerera. Chachikulu ndi ichi: ma watt muwaike pa graph imodzi ndi mmene CPU (ubongo wa seva), RAM (memory yake) ndi disk zikutanganidwira, ndipo mulole zidutse mapeto a mwezi pamene a zachuma amapanikiza makina.

Seva yomwe ma watt ake amakwera m'mawa n'kutsika anthu akaweruka, imeneyo ikugwira ntchito, isiyeni. Yoti muikayikire ndi ya mzere wongoti tambalala usana ndi usiku pamene CPU ili phee. Seva imakoka magetsi ambiri ndithu ngakhale ikungokhala. Kumene ndinkagwira ntchito kale tinapeza ina pakona, fumbi lokhalokha, ikusunga pulogalamu yomwe anthu anasiya kalekale, koma aliyense ankaopa kuizimitsa poti amene anaiika anachoka. Tinasamutsira zam'katimo mu virtual machine (seva yongoyerekezera yoyenda mkati mwa seva ina) pa pulogalamu ya Proxmox, n'kuizula. Palibe anadandaula.

Werengerani nokha: ya 300W ikayaka maola 24 kwa masiku 30, ndi 216 kWh. Ndipo magetsi onsewo amasanduka kutentha, komwe air conditioner ayenera kuchotsanso, ndiye mumalipira kawiri. Chipindacho musachite kuchisandutsa filiji, a ASHRAE, bungwe la mainjiniya a zoziziritsa ndi zotenthetsa nyumba, amalangiza kuti mpweya wolowa m'seva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27.

Chonde, iDRAC kapena iLO musaiike poyera pa intaneti. Ikhale pa VLAN, chigawo chopatulidwa cha netiweki, yakeyake, password yobwera nayo muisinthe, ndipo SNMP ikhale version 3, osati yakale ija yomwe mawu ake olowera amangokhala "public".

Za UPS zija, onaninso kuti VA, muyeso wolembedwa pa UPS, si watt, ya 3000VA nthawi zambiri imanyamula ma watt ochepera 3000. Komanso mabatire ake ali ndi zaka zingati? Ngati adutsa zinayi, mwina vuto lonse lagona pamenepo.