Mtundu wa penti musankhire m'bafa momwemo

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati bafa ndi laling'ono, mamita 2 mulitali ndi 1.5 mulifupi, matailosi oyera alekezera m'chifuwa, apansi ndi otuwa, windo ndi limodzi lam'mwamba, ndipo mtima wanu wagwa pa buluu wakuda uja munamuona pa chithunzi, mafelemu a windo ndi chitseko ali akuda bii. Anzathu ambiri akuyankhani kale kuti ndi zokongola, ndipo sakunama. Ine ndikupempha kuti ndalama muyambe mwaigwira kaye.

Bafa la pa chithunzi lija amalijambula litayatsidwa magetsi mbali zonse, muli mouma, simunalowe munthu ndi sopo. Lanulo muzidzalowamo m'mamawa kusanache, masiku ena magetsi atazima, mwana akudikira madzi kuti athamangire kusukulu. Zinandichitikira ine. Bafa lathu ndinalipaka wobiriwira wakuda, ndipo tsiku loyamba aliyense ankabwera kudzasuzumira. Patangotha mwezi khoma lonse linali mizeremizere yoyera, paliponse pamene dontho layenderera ndi kuuma. Madzi athu ndi a pamjigo, ali ndi kamchere, ndipo khoma lakuda silibisa kanthu. Thovu la sopo, mankhwala otsukira mano, zonse zinkaoneka munthu ali pakhomo. Bambo a kunyumba ankametera panja chifukwa pagalasi samadziona bwino. Chaka chisanathe tinapentanso, ndipo kuti wakuda uja abisike zinatengera makoti atatu.

Ndiye poyambira pakhale pa zinthu zimene simungazisinthe, matailosi ndi kuwala kolowa pawindo. Matailosi anu oyerawo muwayang'anitsitse, pakuti kuyera kuli mitundumitundu. Ikanipo pepala loyera la m'kope masana. Akaoneka opita kuchikasu, amagwirizana ndi kirimu kapena mtundu wa mchenga. Akaoneka oyera mbee, opita kubuluu, kirimu pambali pake amaoneka ngati khoma lada ndi utsi, ndipo apo m'pamene buluu wanu angalowe bwino, koma wopepuka, wonga thambo la m'mawa, wosakanikirako ndi kutuwa pang'ono kuti ayankhane ndi matailosi apansi. Mtundu umene mukuukondawo simuutaya ayi, mukungoupepuza. Buluu wakuda weniweniyo mumuike pa matawulo, pa kampasa kopondapo kapena pa felemu ya galasi, zinthu zoti mukatopa nazo mumangochotsa.

Onaninso kumene windo layang'ana. Kuno tili kum'mwera kwa equator, choncho m'miyezi yozizira dzuwa limadzera chakumpoto. Windo loyang'ana kumpoto limalowetsa kuwala kofunda, pamene loyang'ana kum'mwera limapatsa kuwala kozizira kumene kumachititsa penti wotuwa kuoneka ngati simenti yosapaka. Babu nalonso lili ndi mbali yake. Pa katoni yake pamalembedwa 3000K kapena 6500K. Loyambalo limawala mwachikasu ndipo buluu pansi pake amaoneka wobiriwirako, lachiwirilo limawala moyera kwambiri. Mugule babu kaye, penti pambuyo.

Kakhadi ka mitundu ka m'sitolo kasakunyengeni, mtundu ukafalikira khoma lonse umaoneka wakuya kuposa pa kapepala. Gulani kachitini kakang'ono, pakani makoti awiri pamalo aakulu ngati thawulo, moyandikana ndi matailosi, ndipo mukapaone m'mawa, masana ndi usiku. Mudikire paume, penti wauwisi amanama.

Za mafelemu ndi chitseko, akuda bii m'kachipinda kotero amadula khoma zidutswazidutswa, komanso fumbi la m'chilimwe limaonekerapo msanga. Oyera nawo ali ndi vuto lake limene ambiri salidziwa: gloss woyera, penti wonyezimira wa mafuta uja, amasanduka wachikasu akakhala pamalo posafika dzuwa, ndipo bafa la windo limodzi ndi malo otero kumene. Pakapita nthawi felemu imaoneka yakale pambali pa matailosi oyera. Ine ndingasankhe wotuwa wapakatikati wotengera matailosi apansiwo, chifukwa pa felemu ndi pamene pamagwira manja onyowa tsiku ndi tsiku. Ngati mtima wakakamira pa woyera, funsani enamel wosungunula ndi madzi, ameneyo sasintha msanga. Mafelemu akakhala achitsulo, mmisiri apale dzimbiri ndi sandipepa, apake red oxide (penti wofiira woteteza ku dzimbiri), kenako undercoat (penti wapansi), gloss pomaliza. Chitseko chamatabwa achichotse pa mahinjesi kuti apake ndi kunsi komwe. Kunsi kumeneko amakudumpha kawirikawiri popeza sikuoneka, chonsecho n'kumene kumamwa madzi oyenderera pansi, chitseko n'kufufuma mpaka kumakana kutsekeka.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritse kuposa ya mtundu. M'bafa musalole PVA wamba, penti wa madzi wotsika mtengo uja, wothothoka ngati ufa mukapukuta ndi nsalu yonyowa. Nthunzi ya madzi otentha imamulowa, amayamba kutukusira ndi kusendeka. Nenani m'sitolo kuti mukufuna wa madzi koma wochapika, wonyezimira pang'ono, amene pa chitini amalemba sheen kapena silk, kapena wopangidwira kubafa ndi kukhitchini. Wonyezimira kwambiri pakhoma lonse amaonetsa mabampu onse a pulasitala, ndiye wapakati ndi amene ali bwino. Pulasitala akakhala watsopano mumupatse masiku 28 kuti aume, ndipo ayambe ndi primer, penti woyambira wa pulasitala. Mmisiri wofulumira kulandira ndalama adzakuuzani kuti sabata imodzi yakwana. Musamumvere, chinyezi chotsekeredwa mkati chimatuluka ndithu, ndi timatuza ndi ufa woyera pakhoma.

Ngati m'makona muli kale timadontho takuda ta nkhungu, makamaka kudenga nthawi ya dzinja, musapake pamwamba pake, imaphukanso. Tsukani ndi Jik wosungunula m'madzi, windo lili lotsekula, ndipo chonde musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi chifukwa mpweya wake ndi woopsa. Pakauma bwino ndiye mupente. Denga likhale loyera basi.

Ubwino wake, simuwononga zambiri. Kuzungulira bafa lanu ndi mamita 7. Ngati kuchokera pamene pathera matailosi kufika kudenga pali mita imodzi ndi pang'ono, malo opaka sapitirira masikweya mita 9, ndipo lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 pa koti imodzi. Malita 2 akwana makoti awiri a khoma, lita imodzi ya denga, ina imodzi ya mafelemu ndi chitseko. Poti ndi wochepa chonchi, gulani wabwino weniweni m'sitolo yodziwika, chitini chosatsekulidwa, ndipo mukhalepo pamene mmisiri akusungunula, chifukwa ena amathira madzi ochuluka kuti atsaleko wina.

Wotsala mumusunge, mutseke chitini mwamphamvu ndi kulemba nambala ya mtunduwo pa chivundikiro, mudzaifuna tsiku limene pulambala adzaboole khoma. Mukapaka koyesera kuja, tijambulireni masana mutayimirira pakhomo, matailosi apansi akuoneka, tidzaonere limodzi ngati buluuyo akufunika kupepuzidwanso.