Galimoto ikutentha pa jamu, yambani ndi fani

Achimwene, mwati galimoto yanu pa msewu wautali ikuyenda bwinobwino koma mukangolowa mu jamu singano ya tempecha ikukwera mpaka pofiira. Ine apa ndikukayikira fani ya radiyeta kaye, chifukwa galimoto ikamathamanga mphepo imaziziritsa yokha radiyeta ija koma mukaima ntchito yonse imatsalira fani basi.

Lizani injini, yatsani AC, mutsegule boneti muone ngati fani ikuzungulira. Ngati yangoti zii onani fyuzi ndi relay (kaswitchi kamagetsi koyatsa faniyo), kawirikawiri vuto limakhala pamenepo ndipo sizodula ayi. Zimenezo zikakhala bwino amakaniko alumikize faniyo molunjika ku batire, ikazungulira ndiye kuti vuto ndi sensa yoyeza kutentha kapena mawaya, ikakana ndiye mota yake yapsa.

Fani ikakhala ilibe mlandu onani chivindikiro cha radiyeta, labala yake ikatha sichigwira presha ndiye madzi amawira msanga. Komanso ngati mumathira madzi a pa mjigo m'malo mwa coolant (madzi apadera oziziritsa injini), radiyeta imatsekeka mkati ndi dzimbiri, ikatsukidwe. Wina akakuuzani kuti angochotsamo thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini) chonde kanani, ngati yafa gulani ina.

Ikatentha muli pamsewu zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto, imani pambali muzimitse injini ndipo musatsegule chivindikirocho, madzi ake akuwotchani nkhope, dikirani ngakhale mphindi 30. Mukaona utsi woyera ku ekizozi kapena oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, gasiketi ya hedi ya injini yapita, musayiyendetsenso mpaka amakaniko ayione.