Batire likutha galimoto ili chiimire

Funso: Batire ndi latsopano, koma galimoto ikangokhala masiku atatu osayenda, sikulira. Vuto n'chiyani?

Yankho: Pali chinachake chikudya moto galimoto ili yozima. Chotsani kiyi, tsekani zitseko. Masulani waya wa negativu, muike multimeter (mita yoyezera magetsi) pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, mutaitchera pomwe palembedwa 10A, kenako dikirani mphindi 30 kuti makompyuta a galimoto agone. Musalize injini, mungapsereze fyuzi ya mitayo.

Mitayo ikawerenga kupitirira 50mA (ndiye kuti 0.05A), wakuba motoyo alipo. Zulani mafyuzi limodzilimodzi, ndipo pamene nambala yatsika, vuto lili pamenepo. Kawirikawiri imakhala wailesi yolumikizidwa mwachisawawa, alamu, kapena kababu ka m'buti kosazima.

Mafyuzi onse akapanda mlandu, chotsani waya wokhuthala wa pa alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira), ndipo nambala ikatsika, vuto ndi alternator. Diode yake (kachipangizo kolola moto kuyenda mbali imodzi yokha) ikapsa, moto umabwerera m'mbuyo usiku wonse.