Makumba Anga Sakuswana Bwino

Funso: Dziwe langa lili ku Ngabu. Makumba ndimawapatsa madeya okhaokha, koma tiana tikutuluka tochepa, tina topindika msana. Vuto n'chiyani? (Mlimi, Chikwawa)

Yankho: Bambo, madeya amakhutitsa nsomba koma sakwanira kupanga mazira abwino. Yaikazi ikasowa vitamini E mazira ambiri saswa, ndipo kupindika msanako kawirikawiri n'kusowa vitamini C. Vitamini A amathandiza kamwana kuumbika m'dzira.

Kutentha kwa kuno kuchigwa kumakulitsa vutoli. Thumba la madeya likakhalitsa m'nyumba ya malata, mafuta ake amavunda n'kuwononga vitamini E. Nunkhizani: akamveka fungo lowawasa, musapatse nsomba zoswetsa. Gulani ongokwanira milungu iwiri.

Patatsala mwezi kuti ziswane, sakanizani madeya magawo atatu ndi soya wokazinga gawo limodzi, muwazemo ufa wa masamba a sangowa (chammwamba) oumitsa pamthunzi. Nsomba zolemera makilogalamu 10 zidye magalamu 300 patsiku, theka m'mawa, theka madzulo. Ponyanimonso masamba aawisi a mbatata.

Musaiwale kuthira manyowa a mbuzi m'dziwemo. Madzi abiriwire mpaka chikhatho chisaoneke mukamiza mkono kufika m'chigongono, chifukwa tizomera tam'madzimo tili ndi mavitamini ambiri.